CUMA CA WOLAKWA: MBIRI YA LAMULO LOLANDA KATUNDU

Nkhani yathu ya lero ndi ya mbiri ya malamulo, ndipo tiyamba ndi funso limene ambiri a inu mumafunsana pobwera ku msika kapena poceza madzulo. Munthu waba ndalama za anthu, wamanga nazo nyumba, wagula galimoto ndi ng'ombe. Bwalo la milandu lampeza wolakwa, ndipo lamtumiza ku ndende zaka 5. Nanga nyumba ija ikhale ya yani? Kodi akatuluka akaipeze iri cimangire, alowemo nayambe kudya zotsala? Ambiri ayankha msanga kuti Boma lilande zonse. Koma m'nyumbamo muli mkazi ndi ana amene sanabe kanthu. Ndiponso Boma limene lapatsidwa mphamvu yolanda cuma ca mbala lingathe mawa kucha mbala munthu ali yense amene likhumba cuma cace.

Funso limeneli si la lero ai. Anthu a ku England alimbana nalo zaka zoposa 800, ndipo popeza malamulo a m'mabwalo athu a ku Zambia ndi ku Malawi anacokera kumeneko, mbiri yao itikhudza ifenso. Pomvera gwirani mafunso atatu: colandidwa nciani, wodya colandidwaco ndani, ndipo wotsala alikulira ndani.

Ngolo Yopalamula Mlandu

M'caka ca 1194, m'masiku a Mfumu Richard Woyamba, anaika m'cigawo ciri conse ca dziko nduna zochedwa coroner. Nchito yao inali kufufuza imfa iri yonse yadzidzidzi, koma cimene mfumu inafuna kweni-kweni ndico kuti kanthu koyenera kulowa mosungira cuma cace kasatayike. Munthu akapezedwa wakufa, coroner anaitana amuna a m'midzi yoyandikana, nawalumbiritsa kuti anene comwe camupha. Ngati anaphedwa ndi cinthu, kaya kavalo wommenya ndi ciboda, kaya ngolo yomponda, kaya mphika wa madzi owira umene anagweramo, cinthuco cinalandidwa. Anacicha deodand, kucokera ku mau a Cilatini otanthauza cinthu coyenera kupatsidwa kwa Mulungu.

Poyamba anafuna kuti mtengo wa cinthuco ugwire nchito zacifundo, monga kuthandiza aumphawi. Akatswiri a malamulo anafanizira mwambowu ndi lamulo la m'buku la Eksodo lonena za ng'ombe yotunga munthu mpaka kufa, imene inayenera kuponyedwa miyala. Koma popita zaka ndalamazo zinangokhala phindu la mfumu, kapena la bwana mwini dziko wa pamalopo amene mfumu inampatsa ufulu wozilandira. Nthawi zina mwa cifundo zinafika kwa amasiye, koma panalibe lamulo lokakamiza zimenezo.

Lamuloli linali ndi mfundo zodabwitsa. Munthu akakwera pa gudumu la ngolo yoima, nagwa nafa, gudumu lokhalo linalandidwa. Koma ngati ngolo inalikuyenda pomupha, inalandidwa yonse pamodzi ndi katundu wace. Ndipo sanafunse ngati mwini cinthuco analakwa. Wina akatenga lupanga lanu inu osadziwa, naphera nalo munthu, lupangalo linapita kwa mfumu. Mlandu unali wa cinthu, osati wa mwini wace. Kumbukirani mfundo imeneyi, pakuti tidzakomana nayonso kumapeto itabvala zobvala zatsopano.

Anthu wamba anaona kuti lamuloli lisautsa mwini ngolo popanda kuthandiza mkazi wamasiye. Motero amuna olumbira aja anaphunzira kulipeputsa. Kawiri-kawiri ananena kuti gudumu limodzi lokha ndilo lapha munthu, kapena anachula mtengo wa masheleni owerengeka pa cinthu ca mtengo wapatali.

Nkhuyu Zodya Akulu

Lamulo laciwiri linali loopsa koposa. Munthu akatsutsidwa pa mlandu waukulu, monga kupha, kuba kapena kutentha nyumba, ananyongedwa, ndipo katundu wace yense wonyamulika, ziweto, ndalama, zipangizo ndi mbiya zomwe, anapita kwa mfumu. Sanasiyanitse cakuba ndi cimene munthuyo anacipeza ndi thukuta lace. Munda wace mfumu inaugwira caka cimodzi ndi tsiku limodzi, ndipo inali ndi ufulu wogumula nyumba ndi kudula mitengo ya pamenepo. Pambuyo pace mundawo unabwerera kwa bwana mwini dziko. Koma pa mlandu woukira mfumu, munda unapita kwa mfumu mpaka kale-kale, ndipo mkazi wamasiye anataya gawo lace.

Pamwamba pa izi anaonjeza ciphunzitso cakuti mwazi wa munthu wotsutsidwayo waipitsidwa. Tanthauzo lace linali lakuti iye sangalandire colowa, ndipo colowa sicingadutse mwa iye kufika kwa ana ace. Mdzukulu sanathe kulandira munda wa agogo ace ngati njira yace inadzera mwa atate onyongedwa. Ife timati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, cifukwa kwa makolo athu mlandu wa mmodzi unalipidwa ndi banja lonse. Koma mbuzi, nkhuku ndi makasu a dipo zinapita maka-maka kwa olakwiridwa, kuti mitima itsike ndi mudzi ukhalenso pamodzi. Ku England nkhuyu zodya akulu zinapota ana, ndipo wolakwiridwa kawiri-kawiri sanalandire kanthu. M'cigawo ca Kent munali mwambo wina, wakuti ngakhale atate anyongedwe cifukwa ca kuba kapena kupha, mwana alowe m'munda nalime.

Akulu a dziko anayesa kumanga manja a mfumu. M'mwezi wa June 1215, pa dambo la Runnymede, anakakamiza Mfumu John kubvomereza pangano lochedwa Magna Carta. M'menemo mfumu inalonjeza kusasunga munda wa wotsutsidwa kupitirira caka ndi tsiku. Kusalanda ca mfulu popanda ciweruzo coyenera. Ndiponso kuti dipo lilingane ndi kukula kwa mlandu, lisacotsere munthu comdyetsa, wamalonda malonda ace, mlimi zolimira zace. Ndipo m'caka ca 1351, m'masiku a Edward Wacitatu, Nyumba ya Malamulo inalemba mwachuchuchu milandu imene iyenera kuchedwa kuukira mfumu. Cimodzi mwa zifukwa zace cinali ca cuma: oweruza a mfumu akacha mlandu wamba kuti ndi kuukira, munda unapita kwa mfumu m'malo mobwerera kwa bwana.

Kufa Osayankha

Kuti muone kulemera kwa lamuloli pa mabanja, tamverani cimene anthu ena anasankha. Mwa mwambo wa masiku amenewo, mlandu waukulu sunathe kuzengedwa ngati woimbidwa mlanduyo akana kuyankha kuti abvomera kapena akana. Pofuna kumkakamiza, anamgoneka pansi cagada, namsanjika miyala kapena zitsulo pa cifuwa, naonjeza-onjeza kufikira atayankha kapena atafa. Tsono munthu wofa motero anafa wosatsutsidwa. Mwazi wace sunaipitsidwe, ndipo minda yace inatsalira ana. Ena amene anadziwa kuti adzanyongedwa ndithu anasankha imfa yowawayi.

Mmodzi wa iwo anali Walter Calverley wa ku Yorkshire, amene m'caka ca 1605 anapha ana ace amuna awiri nalasa mkazi wace. Pa bwalo ku York anakana kuyankha, napsinjidwa mpaka kufa, ndipo minda inatsalira mwana wacitatu amene anapulumuka. Mwambo wopsinja unathetsedwa m'caka ca 1772, pamene analamula kuti wokhala cete ayesedwe wolakwa. Ndipo m'caka ca 1827 anasinthanso kuti ayesedwe wokana mlandu, uzengedwe monga mwa masiku onse.

Ngakhale munthu wodzipha yekha anayesedwa wopalamula mlandu waukulu, ndipo katundu wace analandidwa, banja lace likali m'maliro. Apanso amuna olumbira anacita cifundo. Pofika zaka za m'ma 1700, pa imfa zambiri zotere ananena kuti womwalirayo anali wosokonezeka mutu, kuti mkazi ndi ana asatsale manja okha. Lamulo limene anthu abwino ayenera kunama kuti alipewe, masiku ace amakhala owerengeka. Koma ili linakhalabe m'mabuku kufikira 1870.

Pamene Wolanda Ndiye Wodya

Ambiri a inu mukumbukira mbiri ya Naboti, amene anamnamizira mlandu cifukwa mfumu inakhumba munda wace wamphesa. Mbiri ya England iri ndi zotere zambiri, pakuti lamulo lolanda linali cida ca mafumu polimbana ndi anthu amphamvu. M'caka ca 1529 Cardinal Thomas Wolsey, nduna yaikulu ya Henry Wacisanu ndi Citatu, atalephera kupezera mfumu cilolezo ca Papa cothetsa ukwati wace, anaimbidwa mlandu napereka cuma cace conse. Nyumba imene anakhalamo ku London, yochedwa York Place, mfumu inaitenga ngakhale inali ya Mpingo, niisandutsa nyumba yacifumu ya Whitehall.

Panalinso njira yacidule. Nyumba ya Malamulo inatha kupanga lamulo lochula dzina la munthu mmodzi, lomtsutsa ndi kumlanda zonse popanda kumzenga mlandu pa bwalo. Thomas Cromwell, amene anagwiritsa nchito njira imeneyi pa adani a mfumu, anagwa nayo iye mwini m'caka ca 1540, nadulidwa mutu osapatsidwa mpata wodzikanira pa bwalo.

Pambuyo pa kupanduka kwa 1715, kumene ena anafuna kubwezera ufumu ku banja la Stuart, Earl wa ku Derwentwater anadulidwa mutu m'caka ca 1716, ndipo m'caka ca 1735 minda yace inaperekedwa kwa Greenwich Hospital, nyumba yosungira amalinyero okalamba. Pambuyo pa kupanduka kwina kwa 1745, minda yaikulu 13 ya ku Scotland inatengedwa ndi Boma mwa lamulo la 1752, ndipo inabwezedwa kwa mabanja ace m'caka ca 1784, Boma litaona kuti mtendere uposa phindu la mindayo. Anthu a ku America, amene anadziwa bwino mbiri imeneyi, polemba malamulo akulu a dziko lao m'caka ca 1787 analetsa lamulo lotsutsa munthu popanda bwalo, naletsanso kuti cilango ca woukira dziko cifike pa colowa ca ana ace iye atamwalira.

Njanji Ithetsa Mwambo Wakale

Cimene cinagwetsa deodand ndi njanji. Pamene masitima a pamtunda anayamba kupha anthu, lamulo silinalole banja la womwalira kusumira kampani kuti ilipe. Amuna olumbira, amene kale anali kucepetsa mtengo wa ngolo ya mnansi wao, tsopano anayamba kukweza mtengo wa injini ya kampani yolemera, kuti ailange.

Usiku wa pa 24 December 1841, kusanace, sitima ya Great Western Railway yocokera ku London kunka ku Bristol inaomba dothi limene linagumuka ndi mvula m'cigwembe ca njanji ku Sonning, pafupi ndi Reading. Anthu osauka anali m'ngolo zopanda denga, pakati pa injini ndi ngolo zolemera za katundu. Anthu 8 anafera pomwepo, ndipo ena a iwo anali amisiri opita kwao kukadya Krisimasi. Amuna olumbira anaika deodand ya £1,000 pa injini ndi ngolo zace. Bwalo lalikulu linafafaniza ciweruzoco cifukwa ca zolakwika m'kalembedwe kace. Ndipo ngakhale cikadaima, mwa lamulo ndalamazo sizinali za amasiye.

Makampani anadandaula kuti lamulo la masiku a akavalo liwasautsa, ndipo anthu anadandaula kuti amasiye atsala opanda kanthu. Lord Campbell anatsogolera malamulo awiri m'caka ca 1846. Loyamba linathetsa deodand. Laciwiri linapatsa mkazi, mwamuna, ana ndi makolo a munthu wophedwa mwa kusasamala kwa wina ufulu wopempha malipo pa bwalo. Kuyambira pamenepo ndalama zinalunjika kwa olira maliro.

Kulanda cuma ca wotsutsidwa kunathanso pang'ono-pang'ono. M'caka ca 1814, mwa khama la Sir Samuel Romilly, ciphunzitso ca mwazi woipitsidwa cinacotsedwa pa milandu yambiri, nicitsala pa kupha ndi kuukira. Potsiriza, lamulo la 1870 linathetsa kulanda cuma cifukwa ca kutsutsidwa pa mlandu waukulu kapena woukira mfumu.

Koma mtundu umodzi wa kulanda sunafe, ndiwo kulanda cipangizo cocitira mlandu ndi katundu woletsedwa. Combo cozembetsa malonda osalipira msonkho cinalandidwa ndi katundu wace. Lamulo la 1807 loletsa malonda a akapolo linaika dipo la £100 pa kapolo ali yense, nililamula kuti combo cilandidwe. Zombo zogwidwa ku gombe la kumadzulo kwa Africa zinaweruzidwa pa bwalo ku Freetown, ndipo amalinyero ozigwira analandira mphotho. Cocititsa cisoni ncakuti mwa mau a lamulolo, anthu opezedwa m'zombozo anayamba ayesedwa katundu wolandidwa kukhala wa mfumu, asanamasulidwe. Mtundu uwu wa kulanda ndiwo muudziwa kwathu kuno, pamene wopha nyama popanda cilolezo alandidwa mfuti ndi minyanga.

Mlandu Umene Unadzutsa Lamulo

Kwa zaka zoposa 100 England anakhala wopanda lamulo lokwanira lolanda phindu la mlandu. Bvuto lace linaonekera poyera m'mwezi wa March 1977, pamene apolisi anagwira gulu la anthu opanga mankhwala osokoneza bongo ochedwa LSD ku Wales ndi ku London. Kufufuza kumeneko kunachedwa Operation Julie. Pa bwalo la ku Bristol m'caka ca 1978 akulu a gululo anapatsidwa zaka zambiri m'ndende, ndipo woweruza analamula kuti cuma cao cimene apolisi anacilondola, ca mtengo wa pafupi-fupi £750,000, cilandidwe. Cina ca cumaco cinali m'mabanki a kunja.

Olakwawo anacita apilo, ndipo m'caka ca 1980, pa mlandu wochedwa Cuthbertson, oweruza a House of Lords anagamula kuti kulandako kunalibe maziko. Lamulo la mankhwala la 1971 linalola kulanda pa milandu yolembedwa m'lamulo lomwelo, koma anthuwa anatsutsidwa pa mlandu wa kupangana ciwembu, umene sunali m'menemo. Ndiponso linanena za zinthu zogwirika ndi manja, monga mankhwala, zipangizo ndi ndalama za m'thumba, osati ndalama zolembedwa m'mabuku a banki. Oweruzawo ananena poyera kuti agamula motero ndi cisoni, koma kuti kukonza lamulo ndi nchito ya Nyumba ya Malamulo.

Anthu anakwiya kwambiri. Bungwe lotsogoleredwa ndi woweruza Sir Derek Hodgson linafufuza nkhaniyi nilipereka maganizo ace m'caka ca 1984. M'caka ca 1986 panabadwa lamulo lolanda phindu la malonda a mankhwala osokoneza bongo, ndipo m'caka ca 1988 mphamvu yotere inafika pa milandu ina yaikulu. Lamulo la 1986 linatembenuza mwambo wakale wa umboni. Bwalo linaloledwa kuyesa kuti cuma conse cimene wotsutsidwayo analandira m'zaka 6 mlandu usanayambe cinacokera ku malonda oipawo, pokha-pokha iye mwini ataonetsa kuti anacipeza bwino.

Lamulo lalikulu la 2002, lochedwa Proceeds of Crime Act, linasonkhanitsa zonsezi pamodzi, nilionjeza cinthu catsopano. Boma lingathe kusumira katundu yekha pa bwalo lalikulu, ngakhale mwini wace sanatsutsidwe pa mlandu uli wonse. Likwanira kuonetsa kuti umboni wakuti katunduyo anacokera ku zoipa ulemera koposa umboni wakuti anapezedwa bwino. Taonani, mlandu wabwereranso pa cinthu, monga m'masiku a ngolo ija.

Nchito yace sinakhale yapafupi. Bungwe la Assets Recovery Agency, limene linayamba m'caka ca 2003, pofika kumapeto kwa 2006 linali litabweza £23 miliyoni koma litadya £65 miliyoni, monga anapezera oyang'anira ndalama za Boma. Ndipo m'caka ca 2008 linathiridwa m'bungwe lina. Mabwalo naonso anaika malire. M'caka ca 1995, pa mlandu wa Welch, bwalo la ufulu wa anthu la ku Strasbourg linagamula kuti kulanda kotere ndi cilango, motero sikungagwire zocitika lamulo lisanayambe. M'caka ca 2012, pa mlandu wa Waya, Supreme Court inanena kuti colinga ndi kucotsa phindu la mlandu, osati kuonjeza dipo lina pamwamba, nicepetsa ndalama zolanda kucokera pa £1,110,000 kufika pa £392,400. Komabe Nyumba ya Malamulo inapitirira. Lamulo la 2017 linalola bwalo kulamula anthu ena okayikitsa, okhala ndi katundu woposa £50,000, kuti afotokoze kumene anatenga ndalama zogulira. Woyamba kufunsidwa motero, m'caka ca 2018, anali mkazi wa mkulu wa banki wa ku Azerbaijan, amene anaononga £16 miliyoni m'sitolo ya Harrods ku London pa zaka 10.

Kwathu Kuno

Dziko la Northern Rhodesia linapangidwa pa 17 August 1911, ndipo malamulo a England amene analipo tsiku limenelo ndiwo anakhala maziko a malamulo a mabwalo athu. Ku Nyasaland tsiku lotere linali la m'caka ca 1902. Motero deodand ndi mwazi woipitsidwa sizinafike kuno monga malamulo, pakuti zinali zitafa kale kwao.

Koma abale athu a ku Malawi analawa mtundu wina wowawa. Pambuyo pa kusemphana kwa Dr. Banda ndi nduna zace m'caka ca 1964, Nyumba ya Malamulo inapanga Forfeiture Act m'caka ca 1966. Lamuloli linapatsa nduna ya Boma mphamvu yolengeza kuti cuma ca munthu cilandidwe ngati ndunayo yakhutira kuti iye aononga mtendere kapena cuma ca dziko, kapena afooketsa Boma. Panalibe kuzenga mlandu, ndipo wolandidwa analibe njira yokadandaulira ku bwalo. Linagwera otsutsa Boma, a Mboni za Yehova ndi amalonda Acimwenye. Linacotsedwa pamene dziko linabwerera ku zipani zambiri, anthu atasankha motero m'mwezi wa June 1993; ndipo malamulo akulu a 1994 anakhazikitsa bwalo lapadera lolipira anthu ozunzidwa m'zaka zimenezo. Mlandu suola.

Malamulo a masiku ano anadza ndi mapangano a maiko. Pangano la United Nations la ku Vienna la 1988 linapempha maiko kulanda phindu la mankhwala osokoneza bongo, ndipo pangano la 2003 lolimbana ndi ziphuphu linaika mutu wathunthu wonena za kubweza cuma cobedwa ku dziko kumene cinacokera. Zambia inapanga Forfeiture of Proceeds of Crime Act m'caka ca 2010, ndipo Malawi inapanga Financial Crimes Act m'caka ca 2017. Lamulo la Zambia lilola kulanda munthu atatsutsidwa, lilolanso kusumira katundu yekha monga ku England. Kusiyana kwace ndi lamulo la 1966 ndi kwakuti wogamula ndi woweruza, osati nduna. Ndipo munthu wina amene ali ndi gawo m'katunduyo apatsidwa mpata wodzaonetsa kuti anampeza moona, osadziwa za mlanduwo.

Zoti Tisunge

Tibwerere ku mafunso athu atatu. Pa funso lakuti colandidwa nciani, mbiri yaonetsa kuti kulanda zonse kusautsa osalakwa, kufikira anthu anasankha kufa pansi pa miyala ndi olumbira anasankha kunama. Koma kusalanda kanthu, monga zinaonekera m'caka ca 1980, kusandutsa ndende kukhala msonkho wocepa wa malonda opindula. Njira ya pakati ndiyo kucotsa phindu la mlandu ndi kusiya cimene munthu anacipeza ndi manja oyera.

Pa funso la wodya, taona kuti pamene woimba mlandu ndiye wolandira cuma, milandu icuruka, monga m'masiku a Henry. Cifukwa cace nkoyenera kuti cuma colandidwa cilembedwe poyera, anthu adziwe kuti nyumba yakuti inagulitsidwa pa mtengo wakuti, ndipo ndalama zace zinabwerera kwa obedwa kapena zinagwira nchito yakuti.

Pa funso la wolira, cochinjiriza cathu ndi bwalo lomasuka, kumene mwini katundu, mkazi wace, kapena munthu amene anagula mosadziwa angathe kuima nayankha, ndi kucita apilo ngati sanakhutire. Lamulo limene lero ligwira mbala ya ndalama za cipatala ndilo lomwe mawa lingagwere inu, ngati lilibe zomangira zimenezi. Motero pamene mumva pa wailesi kuti Boma lalanda nyumba za uje, musafulumire kuomba m'manja, ndiponso musafulumire kunena kuti ndi nsanje ya ndale. Yambani mwafunsa ngati woweruza anamva mbali zonse ziwiri, ngati colandidwaco cilingana ndi cobedwa, ndi kumene capita.

Ndi cinthu canzerunso kwa inu amene mugula munda, nyumba kapena galimoto, kusunga makalata oonetsa mtengo umene munalipira ndi kumene ndalama zinacokera, pakuti pa bwalo lotere pepala limodzi lingapulumutse thukuta la zaka zambiri.